Mlendo Wothamanga pa Gombe la Lago

(Nyimbo yotsegulira: ng'oma ndi malipenga a mganda. Itsike pang'onopang'ono.)

WOLENGEZA:  Ino ndi nthawi ya pulogalamu yathu ya zaumoyo ndi maulendo. Lero tili ndi mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, mwana wa konkuno kunyanja amene amagwira ntchito ku Lichinga. Atiyankhula za munthu wokonda kuthamanga amene wabwera ndi banja lake kudzapuma m'mphepete mwa nyanja. Aphunzitsi, nthawi ndi yanu.

WOKAMBA: Zikomo kwambiri. Amayi, abambo, ndi inu achinyamata, ndiyambe ndi zimene zinandichitikira ku Chuanga tsiku lina m'mamawa.

Tinali titafika dzulo lake madzulo, ine, mayi a kunyumba ndi ana athu atatu, kudzakhala masiku khumi kwa achibale. Tambala wachiwiri atalira ndinavala nsapato zothamangira n'kutuluka, ena onse ali m'tulo. Ndinatenga njira ya ku Metangula. Ndisanapite patali ndinakumana ndi agogo ena aakazi atasenza beseni la chinangwa chovuula kumene. Ndinawadutsa fyuu! Kumbuyo ndinangomva mawu: "Mwanangu! Kwagwanji?" Nditacheuka ndinaona atatula beseni lija pansi, manja ali pachifuwa. Ndinabwerera n'kuwauza kuti kulibe choipa, ndikungolimbitsa thupi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anati: "Tsono ngati kuli bwino, bwanji wadutsa osapereka moni?"

Agogo aja ananena zoona. Kumudzi munthu wamkulu sathamanga wamba. Akathamanga ndiye kuti nyumba ikupsa, bwato lamira, kapena wanyamula uthenga wa maliro. Ndipo akuluakulu a m'boma lino la Lago ali ndi chifukwa china chodzidzimukira. Nkhondo yomenyera ufulu inafika kuno mu Seputembala 1964, pamene asilikali a Frelimo anakaombera ofesi ya boma la Apwitikizi ku Cóbuè. Ku Metangula, kumene Apwitikiziwo ankakutcha Augusto Cardoso, kunali asilikali awo a pamadzi. Itatha imeneyo kunabwera nkhondo yapachiweniweni, imene inatha mu 1992. Mabanja ambiri anathawira pa Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania. Munthu amene anathamangapo usiku, mwana ali kumsana, katundu ali pamutu, akamva mapazi akugunda kumbuyo kwake mtima umayamba kumuthamanga iye asanacheuke.

Ndiye chimene ndabwera kudzanena n'chakuti: thamangani ndithu mukabwera ku tchuthi, palibe njira ina yoonera gombe lino yoposa mapazi anu, koma muzithamanga ngati mlendo. Mlendo amaima. Mlendo amapereka moni, amafunsa njira, ndipo zimene waona amakazifotokoza kwa amene wabwera nawo.

Mwina wina afunsa kuti, tchuthi si nthawi yopuma kodi? Inde. Koma thupi lozolowera kuthamanga likangokhala sabata ziwiri, likudya kondowole ndi chambo, limayamba kulemera, tulo n'kumavuta. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, kapena 75 ngati akuchita zamphamvu monga kuthamanga, ndipo mwana mphindi 60 tsiku lililonse. Mphindi 75 pa sabata n'zochepa. Ndi masiku atatu basi, mphindi 25 m'mawa uliwonse. Palibe chifukwa choti bambo asowe pakhomo theka la tsiku, ana n'kumangoyang'ana kunjira.

N'chifukwa chake ndimakonda m'bandakucha. Gombe lathu lino lili ndi mwayi umene a kutsidya ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota alibe. Iwo dzuwa limawatulukira pamadzi, n'kuwaomba kumaso nthawi yomweyo. Ife limatulukira kuseri kwa mapiri. Kumayera dzuwa lenilenilo lisanafike pamchenga, ndipo mthunzi wa mapiri umakhala utaphimba midzi kwa kanthawi ndithu. Kanthawi kameneko ndi ka wothamanga.

Ndipo ndi nthawi imene nyanja imaonetsa ntchito yake. Nyali zimene munaziona usiku zili ngwee pakati pa madzi zimakhala zazima, mabwato akubwera ndi usipa ndi utaka. Amayi amakhala ataima m'madzi ofika m'mawondo, mabeseni ali m'manja, kudikira kugula. Anyamata akukoka khoka, ena akuyanika nsomba pa thandala. Nkhwazi imalira pamwamba pa mlambe. Masiku ena mumaona patali pakati pa nyanja chinthu chakuda chikukwera kumwamba ngati utsi wa moto wolusa. Mwana wanga wamng'ono atachiona koyamba anafuula kuti nyanja ikupsa. Ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timaswa m'madzi akuya n'kutuluka tonse pamodzi, ndipo tikafika kumtunda anthu amatigwira ndi malichero n'kuumba ndiwo. Munthu wodzuka dzuwa lili pamutu amapeza zonsezi zatha, gombe lili zii, n'kumabwerera kwawo akunena kuti kunyanja kulibe choona koma madzi.

(Nyimbo pang'ono: chiwoda cha amayi.)

WOKAMBA: Tsopano tikambe za thupi, chifukwa apa m'pamene ambiri amalakwitsa.

Kuchoka ku Lichinga kufika ku Metangula ndi makilomita opitirira pang'ono 100, kudzera ku Maniamba. Ulendo ndi waufupi, koma Lichinga ili pamtunda wa mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathuyi ili pa mamita osakwana 500. Mumachoka kozizira, kumene m'mawa mumavala juzi, n'kutsikira m'chigwa chotentha. Mu Okutobala ndi Novembala mchenga umawotcha mapazi nthawi ya 9 koloko isanakwane. Thupi limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere kutentha kotere, ndipo tchuthi chambiri chimatha lisanazolowere n'komwe. Choncho masiku awiri oyamba dulani mtunda wanu pakati. Ngati kwanu mumathamanga makilomita 10, kuno yambani ndi 5, ndipo muzithamanga liwiro loti mungathe kuyankhula.

Imwani madzi musananyamuke, ndipo nyamulani botolo. Asakhale madzi otunga m'nyanja pomwepo, koma owiritsa kapena othira mankhwala. Njira yodziwira ngati mukumwa okwanira ili m'thupi mwanu momwe: mkodzo ukakhala wochepa ndiponso wachikasu kwambiri, madzi akuperewera. Mutu ukayamba kupweteka, chizungulire, nseru, kapena mwayamba kumva tsembwe kunja kukutentha, imani pamthunzi pomwepo, dzithireni madzi, mubwerere poyenda. Mnzanu akayamba kuyankhula zosamveka kapena kudzandira, imeneyo ndi ngozi. Muziziritseni ndi madzi ndipo muthamangire naye kuchipatala.

Nanga mchenga? Aliyense amafuna kuthamanga pamchenga, ndipo n'kokoma. Koma mchenga wouma umabweza phazi m'mbuyo. Ofufuza a ku Belgium anapeza mu 1998 kuti kuthamanga pamchenga kumadya mphamvu zopitirira kamodzi ndi theka poyerekeza ndi pamalo olimba. Amene amamva kupweteka kwambiri ndi akatumba a kumiyendo ndi mtsempha wa kuchidendene. Pondani pamene mafunde anyowetsa, pamakhala polimbirapo. Pamenepo ndi popendekera kumadzi, ndiye ngati mwapita mwendo wamanja uli kumunsi, bwererani njira yomweyo kuti wamanzere nawo ulandire gawo lake. Nsapato musavule. Pa dooko la asodzi pamakhala mbedza, minga ya kampango ndi magalasi osweka, ndipo m'fumbi la m'midzi mumapezeka matekenya.

Za thupi ndi zimenezo. Ndibwerere ku nkhani imene ili pamtima panga.

Tsiku lachinayi ndinatenga njira ya kumpoto. Kuchoka ku Chuanga kupita ku Messumba ndi makilomita pafupifupi 5, kudutsa m'minda ya chinangwa ndi m'mitengo ya mango, kulowera m'chigwa cha mtsinje wa Lunho. Ndinaima kangapo. Ndinaima kupereka moni kwa abambo osoka ukonde. Ndinaima kufunsa njira pamphambano. Ndinaima pamene tchalitchi chachikulu cha Anglican chinaonekera pakati pa mitengo, ndipo pamenepo ndinazimitsa wotchi. Ndinakhala pakhonde ndi mkulu wina wa mpingo amene anali kusesa, n'kundifotokozera za sukulu ndi chipatala cha mishoni, ndi za aphunzitsi ndi anamwino amene anaphunzira pamenepo n'kukagwira ntchito m'madera akutali a dziko lino.

Mbiri ya malo amenewa ndi yakale. Wansembe William Percival Johnson anafika m'mphepete mwa nyanja ino mu 1882 pamodzi ndi mnzake Charles Janson, amene anamwalira chaka chomwecho. Sitima yoyamba ya mishoni anaitcha dzina la Janson, ndipo Johnson anakhala zaka zambirimbiri akuyenda nayo mudzi ndi mudzi pa gombe lino. Mishoniyo inakhazika likulu lake pa Likoma, pamene anayamba kumanga tchalitchi cha St Peter mu 1903. Ndiye chifukwa chake mpaka lero mabanja a ku Messumba, ku Ngoo, ku Cóbuè ndi a pa Likoma ndi amodzi, nyimbo za m'tchalitchi n'zimodzi, ngakhale malire a mayiko anadutsa pakati pawo.

Ndinafika kunyumba phala litaphikidwa kale. Tikudya ndinawafotokozera zonse. Madzulo dzuwa litapepa tinanyamuka tonse asanu, poyenda, wamng'ono ali paphewa. Njira ndinali nditaidziwa kale: pamene pali mthunzi, pamene amagulitsa nthochi, pamene mwana angapume. Mkulu wa mpingo uja anatilandira ngati anthu odziwana, chifukwa m'mawa ndinali nditakhala naye pansi. Mwana wanga wamkazi anafunsa mafunso ochuluka kuposa amene amafunsa m'kalasi mwezi wathunthu. Kwa ine ntchito ya wothamanga pa tchuthi ndi imeneyi. Iye amakazonda njira m'mawa, banja n'kudzaiyenda madzulo. Akachita choncho kuthamanga kwake sikulanda ana bambo wawo, koma kumawapezera kopita.

Pano ndiyankhule ndi abambo anzanga mosabisa. Si ife tokha amene tili ndi miyendo. Mayi akabwera ku tchuthi kwa apongozi ake, kawirikawiri ntchito imamuchulukira kuposa kunyumba kwake: kutunga madzi, kusinja chinangwa, kuphikira khamu la anthu. Zimenezi si tchuthi. Ife tinagwirizana zosinthana. Lero ndithamanga ine, mawa mayi, ine n'kutsala ndi ana, kuwasambitsa ndi kuwapatsa phala. Mayi ankapita ndi mlamu wawo wamkazi, atavala zothamangira koma chitenje chili m'chiuno, chifukwa zovala zothina zimene m'tauni palibe amene amazicheukira, kumudzi zimakhumudwitsa akuluakulu. Tsiku loyamba anthu anaima kuwayang'ana. Pofika lachitatu atsikana awiri a pamudzipo anali akuwadikira panjira kuti athamange nawo.

Anawo musawakakamize mtunda wautali. Mwana amathamanga mwa masewera. Tinkachita mpikisano wopatsirana kamtengo, kuchoka pa mlambe kufika pa bwato logona pamchenga, ana a pamudzi n'kulowa nawo mpaka magulu anayi. Ndinkawapatsanso ntchito ya maso: werengani mabwato amene abwera, mundipezere mitundu itatu ya mbalame, mufunse asodzi maina a nsomba zisanu. Anabwera ndi usipa, utaka, ncheni, kampango ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala timene timachititsa nyanja ino kutchuka pa dziko lonse. Ndipo kwa atsikana aja ndinawauza za Maria Mutola, mwana wa ku Maputo amene anayamba ndi kusewera mpira ndi anyamata, n'kudzapambana mendulo ya golide pa mtunda wa mamita 800 ku Sydney mu 2000.

(Nyimbo pang'ono.)

WOKAMBA: Pali zinthu zitatu za m'madzi zimene sindingatseke pakamwa ndisanazitchule.

Mvuu zimadya msipu kumtunda usiku, n'kumabwerera m'madzi kukucha, nthawi yomweyo imene ndakuuzani kuti ndi yabwino kuthamanga. Musadzapezeke pakati pa mvuu ndi madzi. Ng'ona nazo zimakonda pamene mtsinje ukuthira m'nyanja ndi m'mabango. Malo amenewa sakhala ndi chikwangwani, amene amawadziwa ndi asodzi ndi amayi otunga madzi. Funsani madzulo, musananyamuke m'mawa mwake.

Chachitatu sichioneka ndi maso. Ukamaliza kuthamanga thukuta lili kamukamu, mtima umafuna kudziponya m'madzi. Koma m'nyanja muno muli likodzo. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka m'mabango ndi pamene anthu amachapira ndi kusambira, ndipo timalowa kudzera pakhungu. Ngakhale pamchenga woyera palibe amene angalumbire kuti mulibe. Ofufuza anaona ku Cape Maclear kuti nsomba zodya nkhono zikachepa chifukwa cha kusodza kopyola muyeso, nkhonozo zimachuluka. Apa m'pamene mungamvetse kuti pamene boma la Mozambique linalengeza mu 2011 kuti mbali yathu ya nyanja ndi malo otetezedwa, nkhaniyo inali yokhudzanso thanzi la ana athu. Sindikuletsa kusamba, ndani angabwere kunyanja osakhudza madzi? Koma mukabwerera kwanu, pakatha miyezi iwiri kayezetseni banja lonse, ndipo mukaona magazi mu mkodzo wa mwana musadikire. Mankhwala ake, praziquantel, amachiza. Za malungo mukudziwa kale: gonani m'masikito usiku uliwonse, ndipo thupi likatentha kayezetseni tsiku lomwelo. N'chifukwa china chimene sindikonda kuthamanga kukuda, udzudzu utayamba kutuluka, ngakhale kuti dzuwa likamalowa kutsidya ku Malawi madzi onse amakhala psuu.

Amene muli ndi masiku okwanira, pitani mpaka ku Cóbuè. Msewu wake ndi wafumbi ndipo nyengo ya mvula umavuta, choncho miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ndiyo yabwino, kunja kukuzizira, ngakhale kuti ndi nthawi ya mwera ndipo ulendo wa pabwato ndi ana umafuna kumvera eni bwato. Kumeneko kuli tchalitchi chachikulu cha Katolika chimene chinaonongeka pa nthawi ya nkhondo. Mukakwera pang'ono kumtunda, Likoma imaoneka pafupi, milambe yake n'kumawerengeka. Kuwoloka kumafuna pasipoti, chifukwa chilumbacho ndi cha Malawi ngakhale chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Chakumwera kwa Cóbuè, m'dera la Manda Wilderness, kuli gombe la Nkwichi, limene dzina lake linachokera ku kulira kwa mchenga ukaupondera. Ana amakondwa nako kwabasi. Tinjira ta kumeneko n'tamiyala, tokwera ndi kutsika, ndipo musapite nokha. Pezani mnyamata wa m'mudzi akutsogolereni, ndipo mumulipire bwino.

Kulikonse kumene mungathamange, zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni kunyumba, chifukwa munthu wotseka makutu samva moni, samvanso chenjezo. M'midzi yambiri amayi ali ndi dooko lawo losambira, abambo lawo. Mukayandikira, patukani mudzere kumtunda. Ukonde woyanika pamchenga musaulumphe, uzungulireni. Kumanda si njira yachidule. Foni musaitukule kujambula munthu musanapemphe, ndipo akakana, bwezerani m'thumba. Mukafika pamudzi woti mukhalapo masiku, kaonekereni kwa amfumu tsiku loyamba, muwauze kuti muzithamanga m'mamawa. Mawu amenewo amafika pakhomo lililonse dzuwa lisanalowe. Ikaninso ndalama pang'ono m'thumba. Nthochi, zitumbuwa ndi usipa wa ndiwo mugule kwa anthu amene mukuthamanga m'njira zawo.

Agogo aja ndinakumana nawonso tsiku lomaliza, pamalo pomwe paja. Ulendo uno ndinayamba kuyenda ndikali patali, ndinavula chipewa, tinapatsana moni. Anandifunsa za ana, kuwatchula mmodzimmodzi, chifukwa mudzi wonse unali utawadziwa. Anandipatsa mango awiri kuti ndikapatse wamng'ono.

Ndimalize ndi pempho kwa inu eni gombe, a ku Chuanga, a ku Messumba, a ku Ngoo, a ku Cóbuè. Sukulu zikatsekera alendo abwera, ena ndi ana anu omwe ochokera ku Lichinga, ku Nampula ndi ku Malawi. Mukaona wina akuthamanga m'mamawa, muimitseni. Muuzeni pamene pali ng'ona, mumuonetse dooko la amayi kuti apatuke, ndipo mumulozere chimene chili m'mudzi mwanu choti madzulo abwere adzaonetse ana ake.

  

(Nyimbo yotsekera: mganda.)